Chingwe cha Fatsani

Tamanda, tsitsako mawu a kanemayo. Yami, foni ikhale pathebulo, siithawa. Mayi anu ali pashifiti mpaka madzulo, ndiye nthawi ilipo, ndipo funso limene unandiponyera dzulo, iwe Tamanda, si loyankha munthu ali chiimire pakhomo pa lifiti. Unati ngati adadi ankadziwadi kutsetsereka pamadzi monga anthu amanenera kutchalitchi, nanga bwanji ukafufuza pa intaneti dzina lawo silituluka pakati pa akatswiri? Unafufuza bwino, mdzukulu wanga, mulibedi. Bambo anu, Fatsani, mwana wanga mmodzi yekhayo, sanatengepo chikho cha mpikisano wa maiko. Ndipotu chikho sichinali kumtima kwake. Iye ankangofuna kuti tsiku lina wolengeza uja, poitana maiko amene abwera kudzapikisana, atchuleko Malawi. Anakhalira chimenecho zaka zonse zimene anakhala muno m'Dubai.

Koma nkhani ya munthu siyambira pakati. Inu ana a masiku ano madzi mumawadziwa a m'botolo ndi a m'dziwe la pansi pa fulati ino, onunkha mankhwala aja. Ife kwathu ku Chikwawa madzi anali mnansi, wotidyetsa koma wosadalirika. Shire ankatipatsa milamba, tinkatchera mono madzulo n'kukavuula m'mawa, zotsala n'kuwamba pautsi. Chaka cha njala tinkalowa m'madambo kukazula nyika, timizu takuda tija, ndipo tinkadya osafunsa kuti muli mavitamini anji. Iwe Yami ukaona munga umodzi m'nsomba umakankha mbale ngati waona njoka. Kwathu ukanagona ndi njala mpaka nzeru zikanakubwerera. Ndinali ndi bwato langa, ndi nkhafi imene anandisemera bambo anga, yosalala ndi thukuta la m'manja. Ndinazisiya zonsezo nsomba zitayamba kuchepa, n'kukalowa ntchito yaulonda ku Limbe.

Ndili ku Limbe komweko madzi anasefukira kwathu. Mvula inagwa kumapiri, kwathu kuli dzuwa, ndiye anthu anadzidzimuka madzi ali kale m'minda. Fatsani anali kamwana koyamba kumene sukulu. Agogo anu aakazi, a Esinala, anamuberekera kumbuyo n'kuthamangira kumtunda, koma madzi anawapeza panjira. Amuna ena amene anali atakwera mumkuyu anawaponyera chingwe chomangira ng'ombe. Chingwecho chinali chakale, ndipo sichikanakoka anthu awiri pamadzi othamanga chotero. A Esinala anamasula mwana, namugwiritsa chingwe ndi manja onse awiri, namuuza kuti asachisiye ngakhale zivute bwanji. Amuna aja anakoka mwana. Pamene ankachiponyanso, mayi ake panalibe. Sitinawapeze, ndipo kumanda kwathu kulibe mtumbira wawo, zimene zimandiwawa mpaka lero. Amuna aja anandiuza kuti mumtengomo anachita kumutanyula mwanayo zala chimodzichimodzi kuti atenge chingwe chawo.

Anakulira kwa azakhali ake ku Nchalo, ine ndikusaka ndalama za sukulu, ndipo kusakako ndi kumene kunandifikitsa kuno. Ndinakwera ndege koyamba nditavala jekete yokhuthala, poganiza kuti kunja konse kumazizira. Chitseko cha pabwalo la ndege chitatseguka ndinayesa ndalowa mu uvuni wa njerwa. Nsanja za Jumeirah Lake Towers zimene mumapitako kukadya aisikirimu zija zinali zitsulo ndi fumbi, ine ndikulondera matumba a simenti. Tinkagona m'nyumba za kampani, mabedi osanjikizana, Mnepali pamwamba, ine pansi, aliyense akulota m'chinenero chake. Kuyimba foni kumudzi kunali kugula kakhadi kokanda, ndipo mawu ankachedwa panjira, moti ukafunsa kuti muli bwanji yankho linkabwera utayamba kale nkhani ina. Inu mumangodina, nkhope ya munthu n'kutulukira, komabe azakhali a bambo anu ku Nchalo mumawaimbira pa Khirisimasi pokha.

Patapita nthawi kampani inandisamutsira kudamu lina kunja kwa mzinda, njira yakuchipululu. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha. Damu lokumba ndi makina pakati pa mchenga, lopanda nsomba, lopanda ng'ona, anthu n'kumalipira kuti akokedwe ndi chingwe. M'mbali mwake munali nsanja zachitsulo, pamwamba pake waya wokhuthala akuzungulira damu lonse, injini ikumuyendetsa. Ameneyo ndiye kebulo. Pawayapo pamakoledwa zingwe zolendewera, chilichonse chili ndi chogwirira kunsonga. Munthu amamanga mapazi pathabwa limodzi, lija amati wekibodi, n'kukhala m'mphepete, chingwe chikamukoka n'kunyamuka pamwamba pa madzi. Pamadzipo anayandamitsapo zitunda zodumphira ndi mabokosi aataliatali otsetserekapo. Akuluakulu ataona kuti madzi sindiwaopa anandichotsa pageti, nandiphunzitsa kuyendetsa kebulo. Ntchito yake n'kukola chingwe, kupereka chogwirira, ndi kuyang'ana aliyense amene ali pamadzi, dzanja lili pafupi ndi batani lofiira loimitsira.

Mbiri ya masewerawa ndinaimva kwa Mjeremani wina wachikulire amene ankabwera nthawi ndi nthawi kudzakonza injini. Munthu wa mawu ochepa, koma ukamupatsa tiyi wa karaki pakamwa pankamasuka. Anati kale anthu ankakokedwa ndi boti la injini ataponda matabwa awiri, koma boti limadya mafuta ndipo limakoka mmodzimmodzi, ndiye anali masewera a anthu olemera. Munthu wina wa kwawo anaganiza zomanga waya pamwamba pa nyanja, wofanana ndi uja amakwezera anthu kumapiri a chipale, kuti akoke ambiri nthawi imodzi. Pambuyo pake achinyamata anataya matabwa awiri aja n'kutenga limodzi loimapo cham'mbali, ndipo anayamba kudumpha ndi kutembenuzika m'mwamba. Anayamba kupikisana damu ndi damu, kenaka dziko ndi dziko, mpaka panabadwa mpikisano wa maiko onse, umene sukhala malo amodzi koma umasamukasamuka. Poyamba, anatero Mjeremani uja, zikho zinkangozungulira pakati pa azungu a ku Ulaya. Kenaka akebulo anamangidwa kumaiko otentha, kumene madzi saundana, ndipo ana a ku Thailand ndi ku Philippines anayamba kuwavutitsa. Ndinamufunsa ngati anaonapo wa kwathu kumeneko. Anandifunsa kuti Malawi ali mbali iti.

Funso limenelo musaliseke, talimva kambirimbiri. Ukati ndine wa ku Malawi, wina ati Mali, wina ati Malaysia, ndipo umatopa n'kungoti pafupi ndi Zambia.

Fatsani atamaliza fomu folo anakhala kumudzi osapeza chochita, ndiye ndinamupemphera malo padamupo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anabwera wowonda, wamanyazi, ndipo ntchito yake inali kutsuka matabwa ndi kuvuula amene agwa. Tsono panali lamulo lakuti m'mawa uliwonse, makasitomala asanafike, wantchito mmodzi azungulire damu kuti tione ngati kebulo akuyenda bwino. Anzake ankakankhirana, poti m'nyengo yozizira madzi a m'mawa amaluma. Fatsani anati azichita yekha masiku onse. Umo ndi mmene anaphunzirira, popanda mphunzitsi, ine ndili pabatani, dzuwa likutuluka mumchenga. Zimene ankaona akatswiri akuchita masana, iye ankaziyesa m'mawa mwake. Ndikuuzeni ana inu, m'moyo wanga wonse sindinakhalepo wosangalala ngati m'mawa umenewo, ndikuona mwana wanga akuuluka pamwamba pa madzi, amene anamulanda mayi.

Koma panali chinthu chimodzi. Phunziro loyamba la masewerawa, limene timauza aliyense asanalowe m'madzi, ndi lakuti ukagwa usiye chingwe. Boti limakuona n'kuima, koma kebulo alibe maso, amangopita. Ukasiya chogwirira umamira pang'ono pomwepo, jekete n'kukuyandamitsa, n'kusambira kupita kumtunda, basi. Ana aang'ono amaligwira phunziroli tsiku lomwelo. Fatsani ankaliphunzitsa kwa ena bwinobwino, koma iye mwini akagwa manja ake sankatseguka. Ankakokedwa chafufumimba, madzi akumulowa m'mphuno, mpaka adzuke kapena ine ndiimitse injini. Anzake ankati ndi kulimba mtima, ndipo n'zoona kuti zinkamuthandiza, chifukwa potera pamene wina aliyense akanagonja, iye ankadzikoka n'kuimanso. Ine ndekha ndinkadziwa kumene zinachokera.

Tsiku lina tikudya chapati pansi pa nsanja ndinamuuza kuti pano si pa Shire, pansi pali simenti, mtunda uli pafupi, palibe kumene madzi angamutengere.

Anayang'ana manja ake. "Ndikudziwa, bambo. Mutu umadziwa. Koma madzi akangonditseka kumaso ndimawamva amayi."

Kodi munthu ungamuuze bwanji kuti asamvere mawu omaliza a mayi ake? Tinamaliza chapati chija n'kubwerera kuntchito.

Fatsani anawapeza mayi anu chifukwa cha manja omwewo. Phewa linaguluka, anapita naye kuchipatala, ndipo namwino amene anamumanga anamukalipira m'Chinyanja cha ku Chipata atawerenga dzina lake. Mnyamatayo anayamba kudwala phewa pafupipafupi, ngakhale lili bwinobwino. Musaseke, inu nomwe munachokera m'phewa limenelo. Anakwatirana, anapeza kachipinda ku Mankhool, iwe Tamanda n'kubadwa. Kwathu mpongozi sukhala naye nyumba imodzi, mukakumana panjira wina amapatuka, koma lendi ya Dubai sidziwa mwambo. Taonani lero ndimadya pathebulo limodzi ndi mayi anu, ndipo anzanga a kumudzi atamva angagwire pakamwa.

Nyengo ya mpikisano wa maiko ikafika, kulikonse kumene ukuchitikira, antchito tonse tinkaunjikana muofesi kuonera pakompyuta. Anzathu a ku Philippines ankakuwa akamva dziko lawo, Mjeremani akakhalapo ankangogwedeza mutu ngati n'zachizolowezi. Fatsani ankangomvetsera maina a maiko mpaka lomaliza, ngati mwina wina angalakwitse n'kutchula lathu. Luso analinalo, aliyense ankavomereza. Vuto linali lakuti kumpikisano wotero munthu sapita yekha, amatumizidwa ndi bungwe la masewerawo la kwawo. Nanga kwathu, kopanda kebulo ngakhale mmodzi, bungwe likanachokera kuti? Atapita kutchuthi anayenda m'maofesi kufotokoza, ndipo anthu ankamumvetsera mwaulemu, n'kumufunsa ngati zimenezi n'zofanana ndi mpikisano wa mabwato. Anabwerako wokhumudwa, koma m'mawa mwake anali pamadzi. Panali mphunzitsi wina wa dziko lina amene anamuuza kuti akasamukira kwawo, m'kupita kwa zaka atha kupikisana m'dzina la dziko lawolo. Fatsani anathokoza n'kukana. Anati akatero wolengeza adzatchula dziko la eni, ndiye phindu lake n'chiyani.

Zaka zinapita, maondo anayamba kulira, ndipo masewerawa sadikira munthu. Ana obadwa dzulodzuloli ankabwera ndi madumphidwe atsopano. Iye ankadziwa kuti nthawi yake ikutha. Ndiye chaka china tinamva kuti mpikisano wa maiko ubwera padamu lathu lomwelo, ndipo okonza ake, atamuona akuzungulira m'mawa, anagwirizana kuti wochokera kudziko lopanda bungwe aloledwe kulowa m'dzina la dziko lake. Tsiku limenelo anandinyamula, ine bambo wake, ndevu zili mbuu, n'kundiponya m'damu ndi yunifomu yomwe. Mayi anu ankati kunyumba ankayeserera mawu a wolengeza ali m'bafa. Iwe Yami unali m'mimba nthawi imeneyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku ochepa, m'mawa wina wopanda mphepo, anati ayese kudumpha kumene ankasungira tsiku la mpikisano. Ndinamupatsa chogwirira, anati yala, bambo, ndiye kuti tiyeni m'Chiarabu, n'kunyamuka. Anakwera chitunda bwino, anatembenuka m'mwamba bwino, koma potera nsonga ya thabwa inakumba madzi ndipo anagwa chamutu. Kutsogolo kwake kunali bokosi lalitali lija. Wina aliyense akanasiya chingwe n'kutsala pomwepo. Ndinamenya batani lofiira nthawi yomweyo, koma kebulo saima ngati njinga, amayendabe pang'ono ndi liwiro lake. Antchito onse anakuwa kuti asiye, aliyense m'chinenero chake, ine m'chathu. Anali pansi pa madzi, ndipo kumeneko ankamva mawu ena. Chingwe chinamukokera m'mbali mwa bokosi.

Anzake anafika msanga ndi kabwato, ambulansi sinachedwe, madokotala anayesetsa. Palibe amene ndimamuloza chala. Anatisiya masana a tsiku lomwelo, mayi anu atafika kuchokera kuntchito ali ndi yunifomu. Ana inu, ndinaika bambo anga, ndinataya mkazi, koma kufedwa mwana ndi ululu wina, ndipo sukalamba monga mmene mwini wake amakalambira.

Maliro a kuno si a kwathu. Kwathu mudzi wonse umagona pasiwa, mawa lake n'kuika. Kuno thupi limadikira zilolezo ndi malo m'ndege, ndipo kudikirako kumatenga masiku. Amalawi ndi a ku Zambia ankabwera madzulo akaweruka, alonda, a m'mahotela, anamwino, n'kudzaza kachipinda ka ku Mankhool mpaka pamasitepe, akuimba chapansipansi kuopa kusokoneza anansi. Tili m'kudikira komweko, akatswiri a maiko anayamba kufika, mbendera zinakwezedwa padamu, ndipo mpikisano sukanaima, poti anthu anali atachokera kutali.

Mjeremani uja anabweranso kudzayang'anira injini. Anandipeza kunyumba, nakhala pansi pakati pa anthu osawadziwa, chipewa chili m'manja. Anati kudamu la kwawo, mnzawo akamwalira, amakola chingwe chake pakebulo n'kuchisiya chizungulire chopanda munthu. Anati walankhula ndi okonza mpikisano, ndipo avomera kuti nthawi ya Fatsani isapatsidwe kwa wina, ngati abanja tingalole. Ndinayang'ana mayi anu, chifukwa mwamuna anali wawo.

"Adzatchula dziko?" anafunsa mayi anu.

Mjeremani anati adzatchula.

"Ndiye tipita. Koma chingwecho akole apongozi anga, osati wina."

Tinapita. Anthu anali ambiri kuposa mmene ndinaonerapo padamupo, nyimbo zikugunda, ana a maiko osiyanasiyana akuuluka m'mwamba. Ndinavala yunifomu yanga n'kukaima pamalo anga a masiku onse. Mayi anu anaima pambali panga atavala chitenje, mimba kutsogolo, iwe Tamanda kumbuyo. Wa ku Australia anamaliza, anthu anaomba m'manja. Kenaka nyimbo zinazimitsidwa. Wolengeza anafotokoza mwachidule m'Chingerezi, anthu anaimirira, anyamata aja anavula zipewa zawo zolimba. Ndipo anaitana monga amaitanira wina aliyense, ndi mawu okweza omwewo, dzina la bambo anu, kenaka dziko. Analitchula bwino, Malawi, ndipo linamveka mpaka kutsidya kwa damu.

Ndinakola chingwe. Chogwirira chinachoka m'manja mwanga, chinagwera pamadzi, n'kuyamba kudumphadumpha chokha, chopepuka, chikusiya kamzere koyera. Chinadutsa chitunda, chinadutsa bokosi lija, chinakhota kunsanja yakutali. Kunkangomveka kulira kwa waya pamwamba. Ndinali nditaganizira tsiku limeneli zaka zambiri, ndipo ndinkati ndidzakuwa mpaka mawu kutha. Ndinangoima, misozi ikulowa m'kolala.

Ndiye ukafufuza pa intaneti sudzamupeza, Tamanda, chifukwa wosapikisana salembedwa. Koma dziko lathu linatchulidwa pampikisano wa maiko, ndipo amene analitchulitsa ndi bambo anu. Iye nthawi imeneyo anali m'chipinda chozizira kuchipatala, akudikira ndege ya ku Chileka. A pabanja amene tinamva ndi makutu athu tinali awiri, ine ndi mayi anu. Iwe unalipo, koma unali m'tulo kumsana.